Disiki ya 3 TB ikamaoneka ngati ya 746 GB: zimene zimachitika pakati pa BIOS, UEFI ndi disiki yaikulu

Mlamu wanga amajambula mavidiyo a maukwati ndi zinkhoswe, ndipo ntchito imeneyi imadya malo osungira mafayilo ngati chiswe. Atatopa ndi kufufuta ntchito zakale kuti zatsopano zipeze pokhala, anasonkhanitsa ndalama n'kugula disiki ya 3 TB, n'kuimanga m'kompyuta yake ya patebulo yomwe anaigula yogwiritsidwapo kale ntchito. Usiku womwewo anandiimbira foni mawu akunjenjemera. "Alamu, andibera. Pabokosi alemba 3 TB koma kompyuta ikuti 746 GB." Kutacha anafika kwathu pa kabaza, kompyutayo ataikumbatira pamiyendo, mtima uli m'malere, akufuna ndimuperekeze kwa wogulitsa uja tikabweze katunduyo.

Sanamubere. Disikiyo inali yabwinobwino, ndipo nambala ya 746 si yongochitika mwangozi. Aliyense amene anakonzapo makompyuta cha m'ma 2011 akaimva nambalayi amadziwiratu pomwe pali vuto, chifukwa imachokera ku malire a kuwerenga amene anakhazikitsidwa kalekale, madisiki akadali aang'ono kwambiri.

Tiyambe ndi mmene disiki imasungira zinthu. Mkati mwake inagawidwa m'tizigawo tofanana totchedwa masekita, ndipo kwa zaka zambiri sekita iliyonse yakhala ya mabaiti 512 (baiti ndi muyezo wa kukula kwa zosungidwa, pafupifupi chilembo chimodzi). Sekita iliyonse ili ndi nambala yake, kuyambira 0 kupita m'tsogolo, ngati nambala za mapuloti m'kaundula wa malo. Kompyuta ikafuna kuwerenga kapena kulemba, imatchula nambala ya sekita. Ndiye funso lalikulu n'lakuti, m'kaundulamo anasiya mpata waukulu bwanji wolembamo nambalayo? Mpata ukakhala wa manambala anayi, puloti ya nambala 10,000 simungailembe, ngakhale malowo alipo ndipo mukuwaona ndi maso.

Kaundula wakale wa disiki amatchedwa MBR, ndipo anabwera mu 1983 ndi PC DOS 2.0 ya makompyuta a IBM. MBR yonse imakhala mu sekita yoyamba yokha, mabaiti 512 basi. Mwa amenewa, 446 ndi kapulogalamu koyambitsa kompyuta, 64 ndi tebulo la mapatishoni (zigawo zimene disiki imagawidwamo, monga C: ndi D:), ndipo awiri omaliza ndi chizindikiro cha 55 AA chomwe chimauza kompyuta kuti disikiyi ndi yoti ingayambirepo. Tebulo lija lili ndi mizere inayi ya mabaiti 16 uliwonse, n'chifukwa chake disiki ya MBR imalola mapatishoni akuluakulu anayi okha. Mu mzere uliwonse, poyambira patishoni pamalembedwa ndi mabiti 32 (biti ndi 0 kapena 1, manambala amene kompyuta imawerengera), kukula kwakenso ndi mabiti 32. Mabiti 32 amatha kuwerenga masekita 4,294,967,296. Mukachulukitsa ndi 512 mupeza mabaiti 2,199,023,255,552, omwe ogulitsa amati 2.2 TB pomwe Windows imaonetsa 2048 GB. Apo ndiye pathera kaundula wa MBR.

Tsopano disiki ya 3 TB Windows imaiwerenga kuti ndi 2794 GB. Chotsanipo 2048, mutsala ndi 746. Nambalayi imaonekera m'njira ziwiri, ndipo ndi bwino kuzisiyanitsa. Njira yoyamba, disiki imaoneka yonse koma yaduka pawiri: 2048 GB yoti mungaigwiritse ntchito, ndi 746 GB yomwe ili pomwepo koma simungaikhudze. Apa ndiye kuti disikiyo anaiika pa MBR. Njira yachiwiri ndi imene inagwera mlamu wanga, disiki yonse kuoneka ngati ya 746 GB. Apa wolakwa si MBR koma dalaiva wakale wa SATA (kapulogalamu kamene Windows imalankhulira ndi disiki yolumikizidwa mkati mwa kompyuta), kapena kabokosi kakale ka USB, kamene nakonso kamawerenga ndi mabiti 32. Nambala ikakula kuposa mpata wake imazungulira n'kuyambiranso pa 0, monga imachitira mita ya makilomita ya galimoto yakale ikafika pa 99,999. Chimene chimaoneka ndi chotsalira chokha. Njira yachiwiriyi ndiyo yoopsa, chifukwa chida chimene chikusokoneza nambala za masekita chikhoza kulemba zinthu pamalo olakwika, pamwamba pa mafayilo anu.

Khoma la 2.2 TB silinali loyamba. M'zaka za m'ma 1990, BIOS, pulogalamu imene imayamba kugwira ntchito kompyuta ikangoyatsidwa, inkatchula malo pa disiki pogwiritsa ntchito masilinda, mitu ndi masekita, ndipo kusagwirizana kwa malire a BIOS ndi a madisiki a IDE kunapangitsa kuti pathere pa masilinda 1024, mitu 16 ndi masekita 63, zomwe zimakwana 528 MB. Atapeza njira yozembera pamenepo anakagunda khoma la 8.4 GB. Kenako linabwera la 137 GB, chifukwa madisiki a ATA ankawerenga masekita ndi mabiti 28, mpaka muyezo wa ATA-6 unabweretsa mabiti 48, ndipo Windows XP inafunika Service Pack 1 kuti idutse malirewo. Nthawi zonse nkhani inali yomweyo: amene anakonza mpata wa nambala ankaona ngati ndi waukulu mokwanira, madisiki n'kukula kuwapitirira.

Madisiki a 3 TB anafika pamsika mu 2010. Seagate inayamba ndi yakunja yolumikiza pa USB, ndipo Western Digital itatulutsa Caviar Green ya 3 TB yamkati chakumapeto kwa chakacho, inkaikamo m'bokosi ndi kakhadi kapadera kolumikizira disikiyo, podziwa kuti ma motherboard (bolodi lalikulu lomwe zida zonse za kompyuta zimalumikizidwapo) ambiri a nthawiyo ndi madalaiva awo akanasokonezeka. Opanga ma motherboard nawonso anatulutsa timapulogalamu tozembera vutoli: Asus inali ndi Disk Unlocker, Gigabyte inali ndi 3TB+ Unlock. Timapulogalamuti tinkatenga gawo lotsalira lija n'kulionetsa ngati disiki ina yapayokha. Ine sindinatikondepo, ndipo mpaka pano ndimaletsa anthu. Mafayilo anu amadalira kapulogalamu kamodzi, ndipo tsiku lomwe mwasamutsira disiki ku kompyuta ina kapena mwaikanso Windows, gawo lija limasowa.

Yankho lenileni ndi kaundula watsopano, GPT. Iyeyu amalemba nambala za masekita ndi mabiti 64, malire omwe palibe disiki yogulitsidwa lero imene ikuwayandikira n'komwe. Windows imalola mapatishoni 128 pa disiki ya GPT. Chimene ndimachikonda kwambiri n'chakuti GPT imasunga tebulo lake kawiri, koyambirira kwa disiki ndi kumapeto, ndipo ili ndi nambala yotsimikizira ya CRC32 yoti kompyuta idziwe ngati tebulo lawonongeka. MBR inalibe zonsezi. Sekita imodzi ija ikawonongeka, mapatishoni onse amasowa. GPT imasiyabe MBR yachiphamaso mu sekita yoyamba, yokhala ndi patishoni imodzi ya mtundu wa EE, kuti mapulogalamu akale asaone disikiyo ngati yopanda kanthu n'kuifufuta.

Nanga motherboard ikubwera bwanji m'nkhaniyi? Apa ndi pomwe anthu ambiri, ngakhale amisiri ena, amasakaniza zinthu ziwiri zosiyana: kusungira mafayilo pa disiki yaikulu, ndi kuyambitsira kompyuta pa disikiyo. Kusunga n'kosavuta. Windows ikangoyaka imagwiritsa ntchito madalaiva ake polankhula ndi disiki, osadaliranso BIOS. Choncho kompyuta ya BIOS yakale, yokhala ndi Windows Vista, 7 kapena yatsopano kuposa apo, kaya ya 32-bit kaya ya 64-bit, imawerenga disiki ya GPT ya 3 TB kapena 8 TB ngati yachiwiri, bola dalaiva wa SATA akhale watsopano. Windows XP ya 32-bit ndi zakale kuposa apo ndizo sizidziwa GPT. Kuyambitsira kompyuta pa disikiyo, kapena kubuta monga amanenera amisiri, ndiye nkhani ina.

Mukadina batani loyatsira, chimene chimayamba kugwira ntchito si Windows koma firmware, pulogalamu yomwe imakhala mu kachipu pa motherboard. Firmware yakale ndi BIOS, dzina lomwe Gary Kildall anayamba kuligwiritsa ntchito mu CP/M mu 1975 ndipo linafala ndi IBM PC ya 1981. BIOS siidziwa fayilo, siidziwa foda. Ikamaliza kuyesa memori ndi zida zina, imapita pa disiki yoyamba pamndandanda, imakoka sekita yoyamba ija, imaona ngati pali chizindikiro cha 55 AA, imaiika m'memori pamalo otchedwa 7C00 n'kuisiyira ulamuliro. Ntchito yake yathera pomwepo. Kapulogalamu ka mabaiti 446 kaja ndiko kamayang'ana patishoni yoyambira n'kuitana pulogalamu yokulirapo, imeneyo n'kuitana Windows. Zonsezi zimayamba purosesa ili mu 16-bit, ikuona memori ya 1 MB yokha, ngati kuti tidakali mu 1981.

UEFI imagwira ntchito mosiyana kotheratu. Inayambira ku Intel chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 pa dzina la EFI, yokonzedwera mapurosesa a Itanium, ndipo mu 2005 makampani angapo anapanga UEFI Forum kuti aziyendetsa muyezowu limodzi. Makompyuta a Apple okhala ndi mapurosesa a Intel anayamba ndi EFI mu 2006, koma ma motherboard wamba a patebulo anasamuka mwaunyinji cha m'ma 2011, nthawi ya mapurosesa a Sandy Bridge, ndipo kufika kwa madisiki a 3 TB kunathandiza kukankha kusamukako. UEFI imadziwa kuwerenga GPT ndiponso mafayilo. Pa disiki pamakhala kapatishoni kakang'ono ka FAT32 kotchedwa EFI System Partition, ndipo mmenemo mumakhala mafayilo oyambitsira: ya Windows ndi bootmgfw.efi, pomwe pa flashi firmware imafuna BOOTX64.EFI mu foda ya EFI\BOOT. Firmware imasunganso mndandanda wake wa zoyambira, n'chifukwa chake pa kompyuta yatsopano mumaona dzina lakuti Windows Boot Manager m'malo mwa dzina la disiki.

Mawu akuti "BIOS siingabute pa disiki yoposa 2 TB" amanenedwa kwambiri, koma ndi oona mbali imodzi yokha. Popeza BIOS imangokoka sekita yoyamba, ilibe nazo ntchito ngati kaundula ndi MBR kapena GPT. Pa Linux, GRUB 2 imayambitsa kompyuta ya BIOS kuchokera pa disiki ya GPT, ikangopatsidwa kapatishoni ka 1 MB kosungiramo gawo lake lachiwiri. Pali ma BIOS ena akale omwe amakakamira kapena kusokonezeka akaona disiki yaikulu, koma lamulo lokhwima limachokera ku Windows: Microsoft inasankha kuti pa BIOS Windows iziyambira pa MBR, pa UEFI iziyambira pa GPT, ndipo pa makompyuta wamba kuyambira pa GPT kunayamba ndi Vista SP1 ya 64-bit. Choncho kuti Windows ikhale pa disiki ya 3 TB n'kuigwiritsa ntchito yonse, zinthu zitatu ziyenera kugwirizana: firmware ya UEFI, disiki ya GPT, ndi Windows ya 64-bit. Chimodzi chikasowa, mutsala ndi 2048 GB kapena kompyuta yokana kuyaka.

Chimene chasokoneza anthu koposa ndi mlatho umene opanga anaika pakati pa zakale ndi zatsopano, wotchedwa CSM, womwe pa makompyuta ambiri umalembedwa kuti Legacy. CSM imachititsa UEFI kudziyesa BIOS kuti Windows yakale ndi makhadi akale azigwirabe ntchito. Zotsatira zake n'zakuti kompyuta imodzi ili ndi makomo awiri. Mukalowetsa flashi yoikira Windows n'kutsegula mndandanda wa zoyambira, flashi yomweyo imaoneka kawiri, kamodzi ndi dzina lake lokha, kachiwiri kutsogolo kuli mawu akuti UEFI. Khomo limene mwalowera ndilo limagamula zonse. Mukalowera la Legacy pomwe disiki ndi ya GPT, Windows imakana ndi uthenga wakuti "The selected disk is of the GPT partition style". Mukalowera la UEFI pomwe disiki ndi ya MBR, imakananso, ikunena kuti pa EFI imangoikidwa pa GPT.

Ndaona kangapo mmisiri atakumana ndi uthenga woyambawo n'kuthamangira ku diskpart, pulogalamu ya Windows yogawira madisiki, kulemba clean, lamulo lofufuta tebulo lonse la mapatishoni, kusandutsa disiki kukhala MBR kuti ntchito ithe msanga. Windows imalowadi, kasitomala amapita ali wosangalala, koma mafayilo onse apita ndipo disiki ya 4 TB yasanduka ya 2 TB. Zimandiwawa chifukwa chofunika chinali kungozimitsa, kuyatsanso, n'kusankha mzere wachiwiri pamndandanda. Amene amakonza flashi yoikira Windows ndi pulogalamu ya Rufus ayeneranso kuyang'anitsitsa pomwe pamafunsa GPT kapena MBR, chifukwa chisankho chimenecho chimatsekeratu khomo limodzi.

Kuti mudziwe khomo limene kompyuta yanu inalowera, tsegulani pulogalamu ya Windows ya msinfo32 n'kuyang'ana mzere wa BIOS Mode. Pamalembedwa Legacy kapena UEFI. Pa Linux, foda ya /sys/firmware/efi ikakhalapo ndiye kuti munayambira pa UEFI. Makompyuta ambiri a Dell, HP ndi Lenovo amene amafika kwathu kuno atagwira kale ntchito m'maofesi akunja ali ndi UEFI ndithu, kungoti wina anawaikira Windows kudzera ku Legacy. Kwa otere pali mbr2gpt, pulogalamu imene Microsoft inaika mu Windows 10 kuyambira version 1703 ya mu 2017. Imasintha disiki ya Windows kuchoka ku MBR kupita ku GPT osafufuta mafayilo, bola mapatishoni akuluakulu asapose atatu ndipo pasakhale patishoni ya extended. Mumayamba ndi /validate kuti ione ngati zingatheke, kenako /convert. Ikamaliza muyenera kulowa mu firmware n'kusintha kuchoka pa Legacy kupita pa UEFI, apo ayi kompyuta siyaka. Kubwerera m'mbuyo kulibe njira yapafupi, ndiye koperani kaye zofunika zanu kwina, ndipo musaichite nthawi imene magetsi akuthimathima.

Magetsi akundikumbutsa kabatire kozungulira ka CR2032 kamene kali pa motherboard. Kompyuta ikamakhala nthawi yaitali yosalumikizidwa ku magetsi, kabatireka kamatha msanga, ndipo pa ma motherboard ambiri kakatha zosankha za mu firmware zimabwerera mmene zinalili ku fakitale. Kompyuta yomwe dzulo inkayaka pa Legacy lero ikufuna UEFI, n'kunena kuti palibe disiki yoyambira. Mwini wake amaganiza kuti disiki yafa. Mukaona tsiku ndi nthawi zabwerera zaka zambiri m'mbuyo, yambani ndi kabatireko.

Pali msampha wina umene wawonongetsa zithunzi za anthu ambiri, wa madisiki akunja. Kuti madisiki a 3 TB ndi 4 TB azigwira ntchito pa Windows XP, opanga ena anakonza timabokosi ta USB tomwe timauza kompyuta kuti sekita iliyonse ndi ya mabaiti 4096 m'malo mwa 512. Masekita akakula kasanu ndi katatu, malire a MBR nawonso amakwera kufika pa 16 TB, ndipo zonse zimayenda bwino disiki ikadali m'kabokosi kake. Tsiku lomwe kabokosiko kapsa, mwini wake amatulutsa disiki n'kuilumikiza pa SATA mwachindunji. Tsopano kompyuta ikuwerenga masekita a 512 pomwe tebulo linalembedwa powerenga a 4096, ndipo nambala zonse zikuloza malo olakwika. Windows imaonetsa disiki ngati yopanda kanthu n'kufunsa ngati mukufuna kuifomata. Musavomere. Mafayilo ali momwemo osakhudzidwa. Chofunika ndi kabokosi kena kowerenga masekita mofanana ndi koyamba kaja, kapena mmisiri amene akudziwa kukonza tebulo. Madisiki ambiri amakono mkati mwake alidi ndi masekita a 4096 koma amadzionetsa ngati a 512, zomwe zimatchedwa 512e. Amene amadzionetsa poyera kuti ndi a 4096, otchedwa 4Kn, amafuna Windows 8 kapena yatsopano, ndipo kuti muyambirepo pamafunika UEFI.

Nkhani ya NVMe, mtundu wa madisiki othamanga kwambiri otchedwa SSD, ndi yachibale. Ma SSD amenewa si akuluakulu kwenikweni, koma firmware iyenera kukhala ndi dalaiva wake kuti iwaone nthawi yoyatsa. Motherboard yakale ikhoza kulandira NVMe kudzera pa kakhadi ka PCIe, Windows n'kumaiona ngati disiki yachiwiri, koma osatha kuyambirapo. Ku mbali ya Intel, kuyambira pa NVMe kunakhazikika kuyambira ma motherboard a Z97 ndi X99 a mu 2014. Mlatho wa CSM nawo ukugwetsedwa: Intel inalengeza mu 2017 kuti idzasiya kuuthandiza pofika 2020, ndipo Windows 11 ya mu 2021 imafuna UEFI yokhoza Secure Boot pamodzi ndi TPM 2.0 (zonsezi ndi zachitetezo), kutanthauza kuti disiki yake iyenera kukhala ya GPT. Makompyuta ena amene amakanidwa Windows 11 ali ndi zida zokwanira, vuto n'lakuti Windows 10 yawo ili pa MBR.

Ya mlamu wanga inali ya BIOS yeniyeni, yopanda UEFI ngakhale pang'ono. Tinasiya Windows pa disiki yake yakale yaing'ono, tinaika dalaiva watsopano wa SATA, tinayatsanso. Mu Disk Management disiki ija inaoneka yathunthu, ndipo pofunsidwa MBR kapena GPT tinasankha GPT. Kamzere kamodzi kanatambalala kuchokera kumanzere mpaka kumanja, pansi pake 2794 GB. Anayang'anitsitsa kwa kanthawi, chala chili pasikirini.

"Alamu, nanga 206 inayo yapita kuti?"

Iyo siinapite kulikonse. Opanga madisiki amawerenga 1 TB ngati mabaiti 1,000,000,000,000, pomwe Windows imawerenga m'magulu a 1024 koma n'kulemba GB yomweyo. Mabaiti 3,000,000,000,000 mukawagawa ndi 1024 katatu mupeza 2794. Tinatenga foni yake n'kuwerengera limodzi, kenako anatulutsa memori khadi ya ukwati wa Loweruka lapitalo n'kuyamba kukopera.